Vilengo pa Khoma la Holo

Amai akulu, mkulu wawo wa amai anga ondibala, anali namkungwi wa midzi yonse ya kwathu ku Sandwe. Mtsikana akatha msinkhu, makolo ake ankabwela kudzagwada pakhomo pawo, iwo n'kumulowetsa m'nyumba ndi kumulanga mwezi wathunthu. Ine ndemwe anandilanga ndi iwo. Ntchito imeneyo inawathela, ndipo anthu mpaka lelo amati anaitaya okha chifukwa cha dyela. Iyai, sanaitaye. Ndinawatayitsa ndine, ndipo ndakhala nazo pamtima zaka zonsezi.

Zinali m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi m'thumba. Ndinali ndi zaka makumi awili ndi zitatu, ndikugwila ntchito ku ofesi ya chitukuko pa boma la Petauke, kuphunzitsa azimai kuluka majuzi ndi kuphika masikono. Sukulu ndinaphunzila kwa masisitele, nsapato ndinkavala zogogoda, ndipo poyenda ndinkachita ngati Petauke yense ndinagula ndine. Mukadandiona mukadandimenya khofi, ndipo ine wa leloyu ndikadakuthandizani.

Kuseli kwa msika kunali holo imene atsamunda anasiya, ya bayisikopo ndi madansi a akalaliki. Malata anali atachita dzimbili, mileme itamanga mudzi kudenga, mbuzi za m'komboni zikugona pansanja. A Gavanala atsopano atafika anaima pakhomo atagwila mphuno, nati holo imeneyi igumulidwe mbali imodzi, ikuzidwe, ikhale nyumba ya magule ndi luso la anthu athu. Anawonjezela chinthu chimene tinali tisanachimvepo. Anati pulani isachokele ku Lusaka kokha, koma oimba ng'oma, osema, oluka ndi oumba aitanidwe, anene okha mmene akuifunila nyumbayo. Pamenepo ndiwayamike, bambo aja anali ndi nzelu. Ine anandiika kukhala mlembi wa komiti, poti ndinkalemba msanga ndiponso ndinkajambulako pang'ono.

Misonkhano ija inkakoma. Kunabwela mdala wina woimba ng'oma wa ku Luembe, kupyola Nyimba uko, atamanga ng'oma yake kumbuyo kwa njinga. Anakwela pansanja yakale, napondaponda ndi chidendene, nati, "Apa avinepo ndani? Simenti imadya maondo. Ikani matabwa, pansi pake pakhale mphako, phazi lizimveka." Anafunanso khomo laling'ono pambali, lotulukila kumoto, chifukwa ng'oma ikazizila imafuna kuwambidwa. Kapitao wa omanga anaseka mpaka kugwila m'mimba, ati pulani ya boma ilibe khomo la ng'oma, koma a Gavanala anati liboolidwe, ndipo linabooledwa. Osema a ku Msanzala anatenga zitseko, za mlombwa. Azimai oluka anati kudenga kuyalidwe mphasa za bango kuti malata asamaphike anthu mu Okutobala. Ine ndinkangolemba, mtima uli myaa.

Chinatsala ndi khoma lalikulu la kumbuyo kwa nsanja, limene aliyense wolowa akanayamba kuliona. Apa panalibe mkangano. Onse anati aitanidwe amai aja a ku Sandwe, chifukwa kupatula unamkungwi, amai akulu ankadziwika ndi kulocha nyumba. Ankatenga katondo, dothi loyela ndi makande akuda a kudambo, n'kukongoletsa khoma ndi zala mpaka apaulendo ankapatuka kudzapempha madzi pofuna kungoyang'ana. Nditanena kuti amenewo ndi amai anga akulu, komiti yonse inanditembenukila, ine n'kukhala ngati ndakwela pachulu. Kalata yowaitana ndinalemba ndekha.

Koma inali nyengo ya dzinja, ndipo amene akuudziwa msewu wa ku Sandwe sindikusowa kumuuza. Lole ya boma inapita kawili, kawili konse inatitimila, n'kubwela chokokedwa. Yankho linafika pakamwa, ndi bambo wina amene anayenda wapansi kudzagula mchele. Ati amai akuti, "Ndidzabwela madzi akaphwa. Khoma silithawa." A Gavanala sanakondwe nazo. Anali atalonjeza kale kuti nduna idzatsegula holo anthu akangokolola, ndipo ankafuna zonse zithe msanga. Anatumiza galimoto ku Nyimba kukatenga munthu wa penti, mkulu wina wochokela cha ku Katete amene ankalemba zikwangwani za mabala ndi magolosale m'mbali mwa msewu waukulu.

Munthu wa penti uja sanali wodzikuza. Anandiuza poyela kuti, "Amai mlembi, ine ndimadziwa mkango, botolo ndi mkazi wonyamula mtsuko. Za Ansenga sindizidziwa. Ndijambulileni papepala, ine ndikuza." Ndinamujambulila zimene zimakhala kunja kwa nyumba, mizele yokhotakhota, timapili, mapazi a nkhuku. Titapita nazo kwa a Gavanala, anaziyang'ana mozondoka ndi molungama, naziponya patebulo.

"Izi ndaziona pa nyumba iliyonse kuyambila Nyimba mpaka Chipata," anatelo. "Ansenga mulibe china chozama? Si iwe unati ndiwe mwana wa amai otchuka aja? Kapena sanakuphunzitse kanthu?"

Mawu amenewo anandilasa. Sanandiphunzitse kanthu, ine?

M'nyumba ya chinamwali muli zinthu zimene namkungwi amaumba pansi ndi kujambula pakhoma, kwathu timati vilengo. Chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi phunzilo lake. Mwamuna sazionako, mtsikana wosavinidwa sazionako, ndipo namwali asanatuluke zonse zimaphwanyidwa ndi kufafanizidwa, dothi lake n'kukatayidwa kumadzi. Musayembekeze kuti ndikuuzani maonekedwe ake. Ndinalakwa kamodzi, nkokwana. Chimene muyenela kudziwa n'chakuti namkungwi aliyense ali ndi dzanja lake, ndipo mkazi amene anapita m'manja mwa amai akulu akanazindikila ntchito yawo ngakhale atadzidzimutsidwa kutulo.

Masana a tsiku lomwelo, anzanga atapita kukadya, ndinatseka chitseko cha ofesi n'kutenga pensulo. Mayo ine, mutu wanga unali utasunga zonse! Zaka zisanu ndi zinai zinali zitapita chitulukile m'nyumba muja, koma dzanja linkangoyenda lokha. Ndinkadziuza kuti popanda nyimbo zake iyi ndi mizele chabe, mwamuna aona chiani pamenepa? Ndinkadziuzanso kuti dziko tsopano ndi lathu, zobisabisa zinali za nthawi ya azungu. Za azimai amene adzalowa m'holomo n'kuziona pamaso pa amuna awo ndi apongozi awo, zimenezo sizinandibwelele m'mutu ngakhale pang'ono. Sukulu yonse ija! Panali azimai akuluakulu mumsika, mayadi ochepa kuchokela pa ofesi, ndipo sindinafunse ndi mmodzi yemwe. Safunsa anadya phula, akulu sananame.

A Gavanala ataona mapepala aja anaomba m'manja. Munthu wa penti anamanga makwelelo ake nayamba. Nthawi zina ankatsika n'kuloza, "Nanga ichi n'chiani, amai mlembi?" Ine n'kumati, "Maluwa a kumudzi chabe, bambo, pakani." Anapakadi. Chinthu chimene m'nyumba muja chimakhala ngati chikhatho, iye anachikuza kupitilila msinkhu wa munthu, ndi penti wamafuta wofiila, woyela ndi wakuda, amene mvula kapena sopo sizimuchotsa. Omanga ankadya nkhomalilo atakhala pansi pake, akuyamikila kuti Ansenga ali ndi luso.

Zizindikilo zinalipo, ine ndine ndinatseka maso. Amai amene ankasesa m'holo analowa m'mawa wina, naponya tsache pansi, natuluka chothamanga, osabwelanso ngakhale kudzatsazika. Azimai otunga madzi a omanga anayamba kutula ndowa pakhomo, ati mkati mukununkha penti. Mumsika, amai amene ankandiikila mbasela pa tomato anayamba kundipatsa chenji akuyang'ana kumbali. Palibe ananena kanthu, ndipo akananena bwanji? Kutchula chimene chalakwika kunali kuulula chinsinsi chomwecho. Ine ndinkangoti zitha zokha, anthu azolowela.

Mvula inatha, misewu inauma, chimanga chinalowa m'nkhokwe. Kutatsala tsiku limodzi kuti nduna ifike, malole anapita m'midzi kukatenga magulu a magule kuti adzayesele pansanja yatsopano. Anafika cham'mawa, fumbi lili mbuu kumaso. Amai akulu anatsika pa lole ya ku Sandwe atanyamula timapukusi ta dothi lawo la mitundu itatu, poganiza kuti khoma likuwadikila. Anandikumbatila, nandigwila masaya, ati ndaonda. Ine sindinathe kuwauza kuti khoma linatha kale.

Azimai anafola awiliawili, a ku Sandwe patsogolo, a ku Msanzala ndi a ku Luembe pambuyo, atavala zitenje za chipani, nalowa akuimba. Amuna anali atakhala kale m'mabenchi, a Gavanala ndi a komiti kutsogolo. Nyimbo ija inayamba kufa kuchokela kutsogolo. Akumbuyo anapitiliza pang'ono osadziwa, kenaka nawonso analowa, nakweza maso, nyimbo n'kuthela pakhosi.  Wina anakuwa kuti "Mayo!" Wina anavula duku n'kuphimba nalo kumaso kwa kamtsikana kake. Nkhalamba ina inakhala pansi pomwepo. Kenaka, popanda wowauza, azimai onse, holo yodzaza, anatembenuka n'kukhala pansi atafulatila nsanja.

 Kufikila nthawi imeneyo ndinkadzinamiza, koma nditaona misana ija ndinaliona khoma lija monga mmene iwo analionela. Zinthu zimene ndinaonetsedwa ndili wogwada, chitseko chili chotseka, zinali apo poyela, zazikulu ngati ng'ombe, amuna akuziyang'ana akutafuna nzimbe. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Amuna anasokonezeka. Tcheyamani wa chipani, munthu waukali amene ankatseketsa msika ndi mluzu umodzi, analumpha. Pamwamba pa khomalo anali atapachika kale chithunzi cha mtsogoleli wa dziko, ndipo iye anaona chinthu chimodzi chokha, azimai afulatila chithunzi.

"N'chiani ichi? Mukufulatila ndani? Mukukana chipani? Wakutumani ndani? Manje ndilemba maina, mmodzimmodzi!"

Masiku amenewo mawu otelo sanali nthabwala. Munthu ukalembedwa dzina, feteleza sunkamuona, laisensi ya mumsika inkatha, mwina mwamuna wako ntchito n'kumuthela. Koma palibe mkazi anatembenuka ndipo palibe anayankha. Akanati khoma ndi loipa, akanafunsidwa kuti laipa pati. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Ndinali nditaima pafupi ndi amai akulu, choncho ndinamva zimene amuna sanamve. Amai ena a ku Msanzala, namkungwi mnzawo, anawasendelela n'kunong'ona mano ali gwa, "Dzanja ili tikulidziwa. Anakupatsani chiani, chitenje? Shuga? Mwativula tonse pamsika, amai inu." Mawuwo anayenda m'mizele ya azimai, ndipo mitu inayamba kupendekela kumene tinaima.

Amai akulu okha ndiwo anali asanafulatile. Anali chiimile, timapukusi tawo tili m'manja, akuyang'ana khoma kuyambila kumanzele mpaka kumanja, pang'onopang'ono, ngati akuwelenga ana awo. Atamaliza anatembenukila kwa ine. Sanafunse. Pa atsikana onse amene anawalanga, wogwila pensulo ku boma analipo mmodzi. Ndinayembekeza kuti andiloza chala, ndipo zikanakhala zoyenela. Anangondiyang'ana, maso ali owuma, kenaka anatula timapukusi pansi, nayenda kupita kutsogolo.

Anagwada pamaso pa a Gavanala naomba m'manja mwaulemu.

"Bambo, musakwiye ndi ana anuwa, chipani sakuchikana. Manyazi ndiwo awagwila. Ntchito ili pakhomayi ndi yanga, ndine ndinatumiza, koma ndinatumiza yosatha chifukwa cha madzi. Kwathu nyumba yolochedwa theka mlendo saionetsedwa, ndi chipongwe. Tipatseni holoyi ife azimai, amuna atuluke, mailo nduna idzapeza khoma lomaliza."

Aa! Ndinamva ngati wina wandithila madzi otentha. Bodza limenelo linali lopulumutsa azimai onse kwa tcheyamani, koma mkati mwake munali mawu atatu amene mkazi aliyense m'holomo anawamva bwino lomwe: ndi yanga, ndinatumiza. Anavomela mlandu wanga pamaso pa Sandwe, Msanzala ndi Luembe.

A Gavanala nkhope inawala. Anaimilila n'kuuza komiti kuti izi ndizo ankanena, eni luso atenge nyumba yawo. Munthu wa penti anadandaula kuti dothi silingagwile pa penti wamafuta, lidzasuwa. Amai akulu anati, "Basi tibwelekeni zitini zanuzo, bambo." Wa penti uja anawapatsa akung'ung'udza, pamodzi ndi mabulashi, koma mabulashiwo iwo anamubwezela. Amuna anatuluka, zitseko za mlombwa zija zinatsekedwa, m'mawindo tinatchinga ndi mphasa zotsala kudenga.

Tinagwila ntchito kuyambila dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, n'kudzapitiliza mmawa mwake. Penti anali wochepa woti n'kufafaniza khoma lonse, ndiponso a Gavanala akanafunsa kumene zithunzi zawo zapita. Choncho amai akulu anachita zina. Anatuma azimai kukatola zitsononkho ndi timitengo totafuna kunsonga, nayamba kuwonjezela. Apa mzele, apa madontho, apa mchila, apa tsamba. Chinthu chilichonse anachimiza m'zinthu zina mpaka china chinasanduka nkhanga, china dzungu ndi mphukila zake, china sindikudziwa kuti chinasanduka chiani. Ankaloza ndi kamtengo, azimai n'kumapaka. Ankawamvela, chifukwa panalibe wina akanatha, koma palibe ankawayang'ana kumaso, ndipo ntchito yonseyo inagwilidwa popanda nyimbo. Kwathu azimai sagwila ntchito pamodzi osaimba, ngakhale pamalilo.

M'holomo munali akazi okhaokha, ndipo imeneyo inali nthawi yanga yonena zoona. Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinaimilila ndi chitini m'manja, n'kuti, "Azimai, ine ndili ndi mawu." Amai akulu anali pambali panga. Anapisa dzanja mwakachetechete n'kunditsina pantchafu, kutsina kuja kwa m'chinamwali kopotokola, kumene kumatanthauza kuti tseka pakamwa. Misozi inatuluka. Anati mokweza, "Mawu a chiani iwe? Penti watha apa, thila." Ndinathila penti. Ndinganene kuti anandiletsa ndi iwo, koma kunena zoona, pansi pamtima ndinapuma.

Nduna inafika, inadula kansalu, inagwila khoma n'kudetsa mkono wa jekete chifukwa penti anali asanaume, koma inaseka. Inati m'chigawo chonse sinaone holo yotele, yomangidwa ndi maganizo a eni ake. Matabwa a pansanja analila pansi pa mapazi monga ananenela mdala wa ku Luembe, ndipo ng'oma zinkatuluka pa kakhomo kake kukawambidwa n'kubwela zikulankhula. A Gavanala ananditchula pamaso pa anthu, ati mtsikana uyu ndi chitsanzo, wagwilizanitsa sukulu ndi mwambo. Anthu anandiombela m'manja. Ine! Ndinaimilila n'kugwada pang'ono, ntchafu ikadali yotupa.

Madzulo ake malole ananyamuka. Lole ya ku Sandwe inadzaza mpaka ena kukhala pamiyendo ya anzawo, koma pamene anakhala amai akulu panali malo mbali zonse ziwili. Timapukusi ta dothi tija anatisiya pakhonde la holo, ndipo ndinatitola ndine.

Chaka chimenecho atsikana anatha msinkhu monga mwa masiku onse, koma pakhomo pa amai akulu sipanagwade munthu. Makolo ankapita nawo kwa amai ena a tsidya la mtsinje, amene kale ankangowanyamulila madzi ndi kuwayankhila nyimbo. Panalibe mlandu, panalibe bwalo, poti nkhani yake inali yosakambika pamaso pa amuna. Moni ankawapatsa, pamalilo ankakhala nawo, koma ng'oma ya chinamwali ikalila, iwo ankatsala okha m'mudzi ndi amuna ndi ana. Amuna awo a amai akulu anafa osadziwa chimene chinachitika, ankangoti akazi ali ndi kaduka.

Ndinapitako chilimwe chotsatila. Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde, nyumba yawo ili yosalocha, khoma lili mbuu ngati la mbeta yaulesi. Ndinagwada n'kulila mokweza, ndinati ndisonkhanitsa azimai ndiwauze zonse. Anandisiya ndilile mpaka nditatopa.

"Watha?" anafunsa. "Tsono mvela. Ukanena, ine sadzandibwezela, adzati nanga anamulanga bwanji mwana woulula. Tidzagwa awili. Ine ndakalamba, ana anga anavinidwa kale. Iwe sunabale. Ukadzabala mtsikana, adzamulandila ndani mwana wa mkazi amene anapatsa amuna vilengo? Adzakula ngati mbuzi, ndipo akadzalakwa kubanja adzati n'chifukwa cha amake. Madzi atayika, mwana wanga. Khala chete, usenze mtolo wako."

"Amama, mundikhululukile."

"Pukuta mamina, usende mtedza. Koma chinthu chimodzi, chilengo chachitatu chija unalakwitsa. Miyendo unaika yambili."

Sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilile, ndipo iwo sanaseke.

Ndinakwatiwa, ndinabala, woyamba mtsikana. Zaka zinapita, chipani chimodzi chikadalipo, holo ikugwila ntchito, maukwati ndi makwaya ndi magule a masukulu akuchitikila pansi pa nkhanga ija. Mwana wanga atatha msinkhu ndinapita naye ku Sandwe pa tchuti. Azimai anamulandila ndi nthungululu. Ati mwana wa amai mlembi, amake ndi munthu wa ulemu, anatithandiza tsiku lija kuphimba manyazi a amai akulu ake. Ndinamva mawu amenewo ndi makutu anga n'kuyankha kuti zikomo.

Tsiku lotulutsa namwali, mai wake amaitanidwa kuti alowe. Nyumba yake inali kumapeto kwa mudzi, ndipo njila inkadutsa pakhomo pa amai akulu. Anali atakalamba kwambili tsopano, maso akuchita nkhungu. Nditawauza kumene ndikupita anafufuza ndodo yawo, ati andipelekeze pang'ono chabe, mdzukulu ndi wawo. Tinayenda pang'onopang'ono. Ng'oma inkamveka, ndipo ndinaona milomo yawo ikutsatila nyimbo. Pena anaima n'kupukusa mutu. "Adumpha imodzi," anatelo. "Isanabwele iyi pali ina."

Pakhomo panali azimai awili olondela. Atationa anayang'anana, mmodzi natambasula mkono kutchinga.

"Amake namwali lowani. Agogowa iyai, akhale uko kumtengo. Muno muli zinthu, ndipo iwo pakamwa mukupadziwa."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinali mai wa zaka pafupifupi makumi anai, wa ana anai, wolandila malipilo a boma, panalibe tcheyamani kapena Gavanala woti ndimuope. Mwana wanga anali mkati, atatsala pang'ono kutuluka ndi ulemu wake wonse. Ndinamva dzanja likufufuza pa chitenje changa, lofooka. Linapeza ntchafu, linayesa kutsina, koma mphamvu munalibe.

"Lowa," anatelo amai akulu. "Mwana akudikila."

Anatembenuka okha ndi ndodo yawo kupita kumtengo kuja. Ine ndinavula nsapato, ndinawelama, ndinalowa.